Tsiku Limene Ndinasunga Pakamwa Mpaka ku Normanton

Kunyumba yosamalira okalamba kumene ndinkagwira ntchito ku Oadby kunali agogo ena aamuna, mzungu, amene maso anali atawakana koma mutu udakali wakuthwa. Paunyamata wawo ankagwira ntchito m'nyumba yoonetsera kanema mumzinda wa Leicester, m'kachipinda ka pamwamba komwe kumakhala makina oonetsera zithunzi. Pobwera kwa ife anatenga mpando umodzi, wailesi ndi mabuku asanu ndi limodzi, ndipo mabuku onsewo ankakamba za munthu mmodzi: mkulu wina wakale wopanga mafilimu, amene luso lake linali kukhalitsa anthu mtima uli m'mwamba kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ena anali a mbiri ya moyo wake. Limodzi, lalikulu, lachikuto chong'ambika, linali la mafunso ndi mayankho okhaokha. Wina ankafunsa, mkuluyo n'kumayankha, filimu ndi filimu, mmene anaipangira ndi pamene analakwitsa.

Ntchito yanga inali kuwasambitsa, kuwaveka ndi kuwapatsa tiyi. Zowerengazo ndinachita kuziputa ndekha. Tsiku lina ndikupukuta fumbi ndinafunsa kuti bambo wa nkhope yonyada wa pachikutoyu ndi ndani, iwo n'kundiyankha kuti nditsegule ndiwerenge, popeza Mulungu anandisiyira maso. Kuyambira pamenepo, nthawi ya tiyi wa m'mawa ndinkawawerengera masamba awiri kapena atatu, iwo akundikonza katchulidwe ka mayina, ine ndikuwakonza kagwiridwe ka kapu.

Ndinene pano, popeza aliyense amene amandidziwa akhoza kukuuzani: ine sindidziwa kusunga pakamwa. Ndili mtsikana ku Mchesi ndinathamangitsidwapo kangapo ku vidiyo sho chifukwa chouza anthu amene afe filimu isanafike n'pakati pomwe. Nkhani ikalowa m'khutu mwanga imayamba kundiyabwa. Choncho nditafika pamene mkulu uja ankafotokoza kuti kudzidzimutsa woonera n'kwa kamphindi chabe, koma kumudziwitsiratu za choopsa chimene munthu wa mufilimuyo sakuchidziwa ndiko kumamugwira mpaka kumapeto, ndinaseka mpaka agogo aja kudabwa. Ndinawauza kuti ndiye kuti anthu a ku Mchesi ankandithamangitsa pachabe, ndinali katswiri wosazindikirika. Iwo anati ayi, mkuluyo ankadziwa chouza anthu ndi chowabisira, pamene ine ndinkangokhuthula zonse.

Bukulo linandilowa. Ndinayamba kubwereka mafilimu ake kulaibulale, ndipo pabasi yochokera kwathu ku Braunstone ndinkaonera pafoni zokambirana zake zakale ndi atolankhani. Mwamuna wanga ankandiseka kuti ndinabwera ku Mangalande kudzakwatiwa ndi mzungu amene anafa kalekale. Ine zimene zinkandigwira mtima zinali ziwiri. Choyamba, munthuyu sankayamba ntchito asanaione yonse m'mutu n'kuijambula papepala, kachigawo ndi kachigawo. Chachiwiri, ankakhulupirira kuti chimene diso laona chimafika mumtima mawu asanafike: kapu yoikidwa pamalo olakwika, chitseko chosatsekedwa bwino, nsapato za munthu. Ndinkazitenga ngati zosangalatsa chabe.

Foni inabwera Lachiwiri lina m'nyengo yozizira, cha m'ma teni m'mawa, ndili pakati powerenga. Inali nambala ya kumudzi. Ndinatuluka panja pa chipinda n'kuyankha, ndipo anali mchimwene wake wa mnzanga wina wa ku Derby.

Mnzangayu tinakulira limodzi, nyumba zathu kuyang'anana. Amayi ake anandimenyapo makofi ngati mwana wawo, ndipo anandidyetsa kambirimbiri kuposa mmene anandimenyera. Iye ndi namwino, amakhala ku Normanton ndi mwana wake wamkazi, awiriwiri basi. Bambo ake a mnzangayo atamwalira, zaka zake zoyambirira kuno, anamva kudzera mu uthenga wa pafoni ali pa shifiti. Anakalirira m'chimbudzi cha kuntchito ali yekha, kusamba m'maso, n'kubwerera kukagawa mankhwala. Pondiuza nkhaniyi pambuyo pake sanalire. Anangoti imfa ya bambo ake anaivomera, koma mmene anaimvera sadzavomera mpaka kale.

"Achemwali," anatero mchimwene wake, "amayi atisiya mbandakucha. Mlongo wanga sitinamuuze. Inuyo ndi amene muli pafupi, chonde asamve ali yekha."

Anawonjezera kuti abale awaletsa kulemba chilichonse pamasamba a mchezo, koma ana a masiku ano sangawalonjezere. Ndinayankha zimene munthu amayankha, ndinadula foni, ndipo ndinaima m'khonde muja. Sindinalire, chifukwa mutu unali utayamba kale kuwerengera nthawi. Sabata imeneyo mnzangayo anali pa shifiti ya usiku. Ndinkadziwa chizolowezi chake: amafika kunyumba, kuperekeza mwana kusukulu, kutseka mawu a foni, n'kugona mpaka thu koloko. Akadzuka, dzanja limapita pafoni maso asanatseguke bwino. Ndinali ndi maola osakwana anayi.

Nditabwerera m'chipinda, agogo aja anamva kapumidwe kanga n'kufunsa chimene chachitika. Ndinawauza. Anapepesa mwaulemu, kenako anafunsa chifukwa chake sindikungomuimbira nthawi yomweyo. Kwa iwo, mayiyo anali wake, chisonicho chinali chake, ndipo mphindi iliyonse imene ndinkasunga uthengawo ndinali kumulanda chinthu chake. Ndinawafotokozera kuti kwathu uthenga wa maliro umapita ndi miyendo. Amapita anthu awiri kapena atatu, wamkulu ali pomwepo. Woferedwayo amayamba wadya, chifukwa akamva sadyanso. Amakhazikidwa pansi, ndipo pouzidwa pamakhala manja omugwira. Agogowo anapukusa mutu n'kunena kuti ndiye ndalowa m'buku lawo lija: anthu a m'mayiko awiri akudziwa, mwiniwake yekha ndiye ali mtulo.

Sananene monyoza, koma ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti izi si za kanema, ndipo ndinatuluka osatsanzika bwino. Mkulu wa pantchito anandilola kupita popanda mafunso ambiri. Ndili panja ndi pamene ndinaona kuti buku lija ndatuluka nalo, lili m'khwapa. Kubwerera kunali kutaya nthawi, choncho ndinaliponya m'chikwama.

Ndisanachoke pageti ndinaimbira bambo wina wa ku Zambia amene amayang'anira gulu lathu la pafoni, mmene muli Amalawi ndi anzathu a kufupi a m'dera lino. Ndinamuuza kuti atseke gululo, wina asalembemo kanthu kufikira ine nditanena. Anafuna kudziwa zambiri, ine n'kumuuza kuti achite kaye. "Osadandaula sisita, naikhoma manje manje," anatero. Kenako ndinathamangira kwa amayi ena a kumpingo kwathu, amene amakhala ku Oadby komweko, misewu itatu kuchokera pantchito.

Amayiwa ndi namwino wamkulu wopuma pantchito, amene anabwera kuno ife tisanalote n'komwe zokwera ndege. Ndi amene amanyamula mauthenga otere pakati pathu. Ndi munthu wabwino, koma kufulumira sakudziwa, ndipo kuuzidwa zochita ndi mwana sakonda. Galimoto ali nayo, koma msewu waukulu wa ku Derby sauyandikira. Anamva nkhaniyo, anakhala pansi, anapemphera pemphero lalitali ine ndikusuzumira wotchi ndi diso limodzi, kenako analowa kuchipinda. Potuluka anali atavala chitenje chakuda, mpango kumutu, buku la nyimbo m'manja.

Ndinawapempha kuti avule chitenjecho. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Mwana wanga, ine ndinayamba kunyamula mauthenga a maliro iwe usanamere mano. Lero undiphunzitse kuvala?"

"Amayi, khomo lake lili pamsewu penipeni. Akangosuzumira pawindo n'kuona chitenje chakuda Lachiwiri masana, ndiye kuti wamva, ali yekha kuseri kwa chitseko. Tikhala tayendera chiyani?"

Anafunsa kuti nzeru zimenezi ndazitenga kuti, ndipo ine, chifukwa cha pakamwa pangapa, ndinatchula buku la mafilimu. Anaseka kuseka kosakondwa n'kufunsa ngati mzungu wangayo anagonapo pamaliro. Ine sindinasunthe pakhomo. Tinayang'anizana. Mapeto ake anavula chitenjecho, kuchipinda bwinobwino, n'kuchiika pansi pa chikwama pamodzi ndi mpango ndi buku la nyimbo. Ndinawaumirizanso kuti tisafike chimanjamanja, tigule buledi ndi mazira kuti tioneke ngati alendo wamba. Pamenepo anavomera msanga, popeza kudyako kunali kale m'mwambo wawo.

Tinakwera basi mpaka kusiteshoni. Sitima yoyamba tinaiona ikuchoka, chifukwa amayi aja masitepe amatsika limodzilimodzi. Ndinaluma mano. Yachiwiri tinakwera nthawi itadutsa thwelofu. Ndinakhala pafupi ndi windo n'kuyamba kukonza zonse m'mutu monga ankachitira mkulu wa m'buku uja: ndigogoda ine, ndilowa ndikuseka, ndipita molunjika pomwe pali foni yake n'kuisuntha, amayi apempha tiyi. Ndinabwereza kangapo, ndipo kubwerezako kunandithandiza kusaganiza za mayi amene anali gone kumudzi.

Titadutsa Loughborough foni yanga inalira. Dzina linali la mnzanga uja.

Ndinaonetsa amayi. Anandiuza ndi maso kuti ndisayankhe. Koma ndinkamudziwa mnzangayo: ndikapanda kuyankha, aimbira wina, ndipo winayo sindinkadziwa kuti anena chiyani. Ndinayankha.

"Iwe, ndadzuka kukamwa madzi, ndapeza nambala ya kumudzi yandiimbira katatu. Ndatekisita achimwene, sakuyankha. Wamvako kanthu?"

Mawu anali pamlomo, onse, okonzeka. Moyo wanga wonse sindinasungepo nkhani kuposa ola limodzi, ndipo iyi inali kundiwotcha. Ndinagwira chitsulo cha mpando n'kumuuza kuti palibe chimene ndamva, netiweki ya kumudzi akuidziwa. Ndinati ine ndi amayi a kumpingo aja tili ndi zochita ku Derby, tidutsa kwawo posachedwa, agone kaye, ndipo foniyo aisiye chifukwa ikamugwira sagonanso. Ndinkamva kupuma kwake.

"Chabwino," anatero. "Mundipeza."

Ndinadula foni. Ndinanamiza munthu amene sindinamunamizepo, pa nkhani ya amayi ake, ndipo ndinadzida. Mawu a agogo aja anabwerera, oti ndikumulanda chinthu chake, ndipo kwa mphindi zingapo ndinaona ngati akunena zoona. Ndinatulutsa buku lija, osati kuti ndiwerenge, koma kuti manja akhale ndi chogwira. Masamba onse amene tinawerenga ankakamba za woonera amene akudziwa choopsa, mtima uli dyokodyoko, akufuna kukuwa kuti achenjeze munthu wa pachithunzi. Ine ndinkaseka powerenga zimenezo. Woonerayo magetsi akayaka amavala jekete n'kupita kwawo. Palibe tsamba limene linanena za wodziwa amene ayenera kulowa m'nyumba momwemo, kukhala pampando n'kuyang'ana mwiniwake kumaso. Amayi aja anandilanda bukulo modekha, kulitseka, n'kundiuza kuti ndapambana, ndisayambe kufooka tsopano. Aka kanali koyamba kundiyamikira kuyambira pamene tinadziwana.

Ku Derby tinakwera basi ina. Inkaima paliponse, ndipo pena inadikira mayi wa ngolo ya mwana kuti akwere bwino. Ndinkayang'ana foni yanga kawirikawiri kuona ngati wina walemba kanthu. Msuweni wina wa mnzangayo anali atachotsa kale chithunzi chake cha pafoni n'kuikapo chakuda. Ndinamutumizira mawu amene sindingawabwereze pano, ndipo anachichotsa. Titatsika ku Normanton, pakati pa masitolo a ndiwo zamasamba ndi fungo la zokometsera zakudya, ndinanyamula chikwama cha amayi pamodzi ndi changa kuti ayendeko msanga.

Ndinagogoda kamodzi kokha, chitseko n'kutseguka. Mnzangayo anali atasamba, atavala diresi lalitali, kumutu atamanga mpango. Ndinadziuza kuti mpangowo ndi wogonera. Ndinalowa ndikuseka monga ndinakonzera, kumuseka kuti maso ake atupa ngati wa mowa, kumupatsa buledi ndi mazira. Maso anga anathamanga m'chipinda chonse kufuna foni. Patebulo panalibe. Pa chingwe chotchajira pafupi ndi sofa panalibe. Ndinapuma, ndikuganiza kuti waisiya kuchipinda chogona ndipo tamupeza nthawi yabwino. Ndinaonanso kuti pansi pasesedwa kumene, ndipo katebulo ka pakati kasunthidwira kukhoma, koma sindinaziganizire.

Amayi aja anakhala pasofa n'kunena kuti afa ndi njala, chidyereni m'mawa. Mnzanga sanafunse za zochita zathu za ku Derby. Anapita kukhitchini, anakazinga mazira, anawiritsa madzi, anabweretsa makapu atatu. Amayi anamuikira m'mbale yake magawo atatu a buledi n'kumuuza kuti adye, namwino wa usiku sagona ndi njala. Anadya. Ankatafuna pang'onopang'ono, maso ali m'mbale, kumeza movutikira n'kutsitsira tiyi. Kuti pasakhale chete, ndinayamba kumufotokozera za agogo anga a ku Oadby ndi mabuku awo, za mkulu amene ankajambula filimu yonse papepala asanagwire kamera, ndi za filimu ina imene ndinaonera Loweruka. Ndinalankhula ndithu, koma sindikukumbukira chimene ndinanena, ndipo nkhaniyo ndinaisiyira panjira. Wotchi ya pakhoma inkati kwatsala ola limodzi kuti mwana aweruke kusukulu.

Mbale yake itayera, amayi anatsegula chikwama. Anatulutsa chitenje chija, anaimirira n'kuchimanga, anamanganso mpango, kenako anatsika pasofa n'kukhala pansi pa kapeti, miyendo atatambasula. Inenso ndinatsika. Mnzanga anaika kapu yake pambali, anabwera n'kukhala pakati pathu popanda womuuza.

Amayi anayamba monga amayambira akuluakulu. Ananena kuti moyo uno ndi wa Mulungu, kuti kumudzi kwabwera foni m'mawa uno, kuti amayi ake akhala akudwaladwala monga tonse tikudziwira, ndipo usiku wapitawu zinthu sizinali bwino. Ankazungulira mwaluso, kumuyandikitsa pang'onopang'ono. Mnzanga anawagwira bondo mwaulemu, iwo n'kusiya. Anatembenukira kwa ine.

"Foni ili m'kabati ya mbale," anatero. "Ndinaizimitsa titangomaliza kulankhula. Kawiri konse ndinaimirira kuti ndikaiyatse, koma ndinati ayi, akubwera, ndiwadikire."

Nthawi yonse imene ine ndinkathamanga ndi sitima ndi mabasi, ndikuganiza kuti uthengawo ndausenza ndekha, iye anali m'nyumba muno akusesa, akusuntha tebulo kuti pakhale malo okhala pansi. Mazira aja anawakazinga akudziwa, ndipo anadya mbale yonse akudziwa.

Ndinayamba kupepesa za bodza la m'sitima, koma anapukusa mutu. Anagwira dzanja langa ndi manja ake onse awiri, ndipo anali ozizira.

"Nena iweyo," anatero. "Osazungulira. Ndikufuna ndimve kwa munthu."

Ndinamuyang'ana kumaso n'kumutchula dzina la paubwana, limene amayi ake okha ndi ine tinkamuitanira. "Amayi atisiya. Amwalira mbandakucha wa lero, kuchipatala, achimwene ali pambali pawo."

Anagwedeza mutu kawiri. Anafunsa ngati anavutika, ine n'kunena zimene ndinauzidwa, kuti anapita ali mtulo. Kenako thupi lake lonse linalemera n'kutsamira paphewa langa, amayi aja anamugwira mbali inayo, ndipo analira ali pakati pathu.